Kwa Akuluakulu Oyang'anira Malamulo a Pamsewu: Mlandu wa Liwiro Usamathere Pansi pa Mtengo

Olemekezeka akuluakulu,

Ndikulemba ngati dalaivala, munthu amene nsima ya ana ake imachokera pachiwongolero. Ndayendetsapo minibasi, ndayendetsapo thiraki panjira ya ku Dar es Salaam, ndipo mpaka lero ndili pamsewu. Nkhani yanga ndi ya zomwe zimatsatira dalaivala akagwidwa akuthamanga mopyola muyeso. Sindikupempha kuti chilango chichepe ayi. Ndikupempha kuti chikhale chilango chenicheni, cholembedwa, chomutsata munthu, komanso chomupatsa mpata wodziteteza ngati akuona kuti sanalakwe. Momwe zilili panopa, mlandu wa liwiro umayambira m'mphepete mwa msewu n'kutheranso pomwepo, pakati pa anthu awiri. Dalaivala akangochoka pamalopo amaipatsanso moto galimoto kuti abweze nthawi ndi ndalama zomwe wataya. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, n'chifukwa chake ndati ndilankhule ndine.

Ambiri mwa inu muli ndi okuyendetsani, ndipo mwina simunaimepo pamalo otere, ndiye ndikufotokozereni. Wapolisi amatulukira pamsewu n'kukweza dzanja. Mnzake ali chapatali, kuseri kwa tchire kapena pakhonde pa golosale, atagwira kamakina koyezera liwiro. Ukaima amati, "Bwana, mumathamanga. Layisensi." Layisensi ija imalowa m'thumba la malaya ake, iye n'kutembenuka, ulendo wa pamthunzi pomwe aimika galimoto yawo. Iwe uzimutsatira. M'minibasi anthu ayamba kale kung'ung'udza: wina akuthamangira kuchipatala, mayi wina tomato wake akufota ndi dzuwa kubuti. Pamthunzi paja umapeza madalaivala anzako ali chilili, manja kumbuyo, ena a imvi zawo, akulankhula motsitsa mawu. Amakutchulira chindapusa. Ukati ulibe, amati galimoto ikagona kusiteshoni. Apa m'pamene pamatulukira mawu omwe dalaivala aliyense m'dziko muno amawadziwa: "Ndiye titani, bwana?" Pena amawayamba ndi dalaivala, pena wapolisi. Kondakitala amabwera ndi ndalama yopindapinda itabisidwa m'mapepala a inshulansi, layisensi imatuluka m'thumba, ndipo lisiti la boma, GR ija, palibe amene amalitchula.

Si apolisi onse amatero. Ndawaona ena akukana kangachepe, n'kulemba lisiti moyenera. Ndawaonanso usiku akutulutsa mitembo m'galimoto zophwanyika ndi manja awo, popanda ndi magolovesi omwe, ndipo ndimawalemekeza. Koma ngakhale lisiti litalembedwa, dalaivala waphunzira chiyani? Waphunzira malo omwe apolisi amakonda kuima. Mawa akamafika pamenepo amatsitsa liwiro, akadutsa amapondanso. Tikakumana panjira timaphethirana malaiti kuchenjezana kuti kutsogoloko kuli anthu, ndipo pamagulu athu a WhatsApp uthenga umafika galimoto isanafike. Liwiro limatsika pa kilomita imodzi yokha, msewu wonse wotsalawo n'kukhala wa aliyense.

Chomwe chimandiwawa n'chakuti lamulolo palokha n'labwino. Msewu wa M1, kuchokera ku Songwe m'boma la Karonga mpaka kukafika ku Nsanje, umadutsa m'kati mwa misika. Pa Lizulu, pa Kampepuza, pa Chimbiya, pa Nathenje, pa Lunzu, pa Mponela, pa Jenda, anthu amayala kabichi ndi mbatata mpaka m'mphepete mwenimweni mwa phula. Akabaza amaima pomwepo, ana asukulu amawoloka pomwepo, ogulitsa amathamangira basi iliyonse yomwe yaima osayang'ana kumbuyo. Chikwangwani cha 50 pamalo otere chili ndi chifukwa chake. Galimoto yothamanga makilomita 50 pa ola imayenda mamita pafupifupi 14 pa sekondi iliyonse, pomwe ya pa 80 imayenda mamita 22. Sekondi imeneyo ndi nthawi yomwe diso laona mwana koma phazi lisanafike pabuleki. Mabuleki akagwira, mtunda woti galimoto iime sukula pang'onopang'ono: liwiro likawirikiza kawiri, mtundawo umawirikiza kanayi. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati munthu woyenda pansi akagundidwa ndi galimoto ya pa 65, chiopsezo choti afa chimakhala chochuluka kanayi ndi theka kuyerekeza ndi wogundidwa pa 50. Tsono dalaivala amapindula chiyani? Msika wotalika kilomita imodzi, pa 50 umaudutsa m'masekondi 72, pa 80 m'masekondi 45. Akuika moyo wa munthu pachiswe chifukwa cha masekondi 27. Mawu akuti kuthamanga sikufika timawadziwa tonse, ena anawalemba ndi kumbuyo kwa maminibasi awo, koma ziwerengero izi palibe amene anatiuzapo, kusukulu yophunzitsa kuyendetsa ngakhale pamthunzi paja.

Choyamba ndikupemphani kuti ndalama ichoke m'manja mwa wapolisi wa pamsewu. Ife oyenda ku Tanzania tinaona njira ina. Ukagwidwa kumeneko amakupatsa kapepala kokhala ndi nambala yolipirira, iwe n'kulipira pafoni kapena kubanki, ndalama n'kupita kuboma. Sindikuti kumeneko kulibe ziphuphu, koma dalaivala amene akufuna kuchita zinthu mwachilungamo ali nayo njira yowongoka, ndipo sachita kugonetsa galimoto chifukwa choti alibe ndalama m'thumba pa ola limenelo. Kuno kwathu Airtel Money ndi Mpamba zafika mpaka kumidzi. Pa Chingeni kuyambira 2021 ndi pa Kalinyeke kuyambira 2022 timalipira msonkho wa msewu n'kulandira lisiti losindikizidwa ndi makina, popanda kukambirana mtengo. Kuyambira 2015 dalaivala aliyense ndi galimoto iliyonse zimalembedwa mu MalTIS, kaundula wa pakompyuta wa ofesi ya Road Traffic, zala zathu tinadinda, zithunzi munatijambula. Zida zonse muli nazo. Wogwidwa apatsidwe tikiti yolembedwa pa dzina lake ndi pa nambala ya galimoto, apatsidwe masiku oti alipire, ndipo akapanda kulipira adzazione pokonzetsanso layisensi kapena COF, chiphaso chosonyeza kuti galimoto ili bwino kuyenda pamsewu. Kumene zimenezi zinayambika kale, zisakhale za apo ndi apo. Ikhale njira yokhayo, ndipo wapolisi wopezeka ndi ndalama za madalaivala m'thumba ali pantchito ayankhe mlandu.

Pali nkhani ina yomwe madalaivala timangodandaulirana tokha kudepoti. Wapolisi akati unali pa 72, umatsutsa bwanji? Nthawi zina amakuonetsa nambala pakamakina kaja, koma nambalayo sikuuza kuti ndi ya galimoto yako kapena ya amene anakupitirira mphindi yapitayo. Bungwe la Malawi Bureau of Standards limayendera masikelo a m'mabutchala ndi mapampu a mafuta kuti wogula asaberedwe. Makina omwe angalanditse munthu ndalama ya chakudya cha banja lake nawonso aziyesedwa nthawi ndi nthawi, chiphaso chake chizikhala pomwepo kuti aliyense achione, ndipo umboni uzikhala chithunzi choonetsa nambala ya galimoto, liwiro ndi nthawi. Gawo 42 la malamulo aakulu a dziko lino limati woganiziridwa mlandu ndi wosalakwa mpaka khoti litamupeza wolakwa, ndipo gawo 43 limapatsa munthu ufulu woti zochita za akuluakulu a boma pa iye zikhale zachilungamo komanso kuti apatsidwe zifukwa zake molemba. Koma pamsewu, kunena kuti "tikaonane kukhoti" ndiye kuti layisensi yatsala, ulendo wathera pomwepo, mwini katundu akuimba foni, ndipo mwina ntchito yatha. Choncho ngakhale amene akudziwa mumtima mwake kuti sanathamange amavomera, chifukwa kuvomera n'kotchipa kuposa kudziteteza. Munthu wotere samachoka pamenepo akulemekeza lamulo. Patikiti palembedwe tsiku ndi khoti lomwe wokana mlandu angakaonekere, layisensi abwezeredwe kufikira tsikulo, ndipo palembedwenso nambala ya foni ya Independent Complaints Commission, bungwe lolandira madandaulo okhudza apolisi, ndi ya Anti-Corruption Bureau kuti wopemphedwa chiphuphu adziwe kokanena.

Za zikwangwani ndingodutsapo. Malo ambiri zinabedwa, zina zinagwa, zina zinabisika m'udzu, ndipo pena chikwangwani cholowera mu 50 chilipo koma chotulukira palibe, moti sudziwa pomwe malirewo athera. Musanatchere msampha pamalo, yambani mwaimika chikwangwani.

Tsopano ndinene zomwe anzanga ena sakondwera nazo. Mlandu wa liwiro uzilembedwa pa layisensi ya munthu, ndipo wobwerezabwereza aziimitsidwa kuyendetsa. Abale athu amene akugwira ntchito yosamalira okalamba ku Britain amatiuza momwe zimakhalira kumeneko. Wogwidwa amalipira mapaundi osachepera 100 n'kulembedwa mapointi atatu, ndipo akakwanitsa mapointi 12 m'zaka zitatu amaletsedwa kuyendetsa. Amene sanathe zaka ziwiri chilandirire layisensi, mapointi 6 okha amamulanditsa. Amene wapyola pang'ono amatha kupatsidwa mwayi wokakhala pa maphunziro a za liwiro m'malo mwa mapointi. Sindikuti titengere zonse mmene zilili, poti misewu yathu ndi ina. Koma mfundo yake ndi yoona kulikonse: chindapusa chokha chimapweteka wosauka, wolemera sachimva n'komwe. Wa Prado amalipira akumwetulira, mawa n'kudutsanso pamsika womwewo pa 120. Kulandidwa layisensi kokha n'komwe kumawawa mofanana kwa wa Prado ndi wa Sienta. Ndipo woimitsidwayo pakhale njira yoti abwerere: akhale pansi aphunzitsidwe, ayesedwenso, akaone ndi maso ake odwala a ngozi m'zipatala zathu zazikulu, kenaka abwezeredwe layisensi. Mukangomulanda osamupatsa njira yobwerera, adzayendetsabe mozemba, opanda pepala lililonse, ndipo akadzachita ngozi inshulansi idzakana.

Komabe mukalanga dalaivala yekha, mwagwira nthambi, tsinde mwalisiya. Dalaivala wa minibasi sadzuka m'mamawa n'kuganiza zopha anthu. Amadzuka ndi tageti. Mwini galimoto anamuuza ndalama yoti abweretse madzulo aliwonse, kaya kwagwa mvula, kaya wakhala theka la tsiku pamzere wa mafuta. Pa ndalama zomwe wapeza tsikulo achotsepo za mafuta, za oitanira, za pasiteji, za pamthunzi paja, za bwana, ndipo zotsalazo ndiye agawane ndi kondakitala. Ambiri alibe malipiro a pamwezi, alibe ndi kalata yolembedwera ntchito yomwe. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, mtengo wa matayala ndi zipangizo unakwera, eni galimoto nawo anakweza tageti, koma msewu sunafupike. Njira yokhayo yomwe dalaivala amaiona ndiyo kuchulukitsa maulendo ndi kufika pasiteji yotsatira mnzake asanafike. Mpikisano womwe mumauona, maminibasi awiri akupitirirana pakona, ndi wolimbirana munthu mmodzi amene waima ndi thumba lake kutsogoloko. Ku mathiraki nako n'chimodzimodzi. Umachedwa masiku pachipata podikira mapepala, kenaka foni imalira kuti katundu afike mawa m'mamawa, ndipo ndalama ya panjira anakupatsa yowerengera masiku ochepa. Munthu amathamanga, tulo tili m'maso.

Dalaivala uja akagwidwa, chindapusa chimatuluka m'thumba mwake. Mwini galimoto amangoti, "Ndinakutuma kuti uthamange?" Akalandidwa layisensi, mawa lake pampando pakhala wina, tageti ili yomweyo. Ndiye ndikupempha kuti galimoto yonyamula anthu kapena katundu ikagwidwa, mlanduwo uzilembedwanso pa chilolezo cha mwini wake chochitira bizinesi. Galimoto za munthu mmodzi zikamagwidwa mobwerezabwereza, kaya madalaivala akusinthasintha, mwiniyo aitanidwe adzafotokoze, ndipo ngati sasintha chilolezo chiimitsidwe. Mabasi ndi mathiraki akhale ndi zida zoletsa kupyola liwiro kapena zolemba momwe ayendera, ndipo ziziyang'anidwa pa COF. Khalani pansi ndi a Minibus Owners Association of Malawi, a Passenger Welfare Association ndi a unduna wa zantchito, mukambirane zoti dalaivala azilandira malipiro odziwika. Tsiku lomwe mwini galimoto adzadziwe kuti liwiro la dalaivala wake lingamutsekere bizinesi, iye mwini ndi amene adzayambe kumuimbira foni kuti ayende pang'onopang'ono.

Ndili ndi mnzanga amene tinkagwira naye ntchito pasiteji imodzi. Masana ena anagunda mtsikana wamng'ono pamsika wina wa m'mbali mwa msewu. Mwanayo ankawoloka atasenza beseni la mandasi, kuthamangira basi yomwe inaima tsidya lina. Chikwangwani cha 50 chinalipo, iye anali pamwamba pake kwambiri. Sanathe kuima kuti athandize, chifukwa anthu anali atatola kale miyala, ndiye anathawira kupolisi. Kumeneko anamuvula lamba ndi zingwe za nsapato n'kumulowetsa m'chitokosi. Mwini minibasi atafika, funso lake loyamba linali la galasi lakutsogolo ndi makiyi. Mkazi wa mnzangayo anagulitsa chimanga cha m'nyumba kuti apereke chipepeso ndi kuthandiza pa bokosi, ndipo ife anzake tinasonkha n'kupita kumaliro m'malo mwake. Tinakhala kumbuyo, palibe amene anatha kuyang'ana mayi a mwanayo kumaso. Khoti linamupeza wolakwa pa mlandu wopha munthu chifukwa choyendetsa mosasamala. Lero sagwiranso chiwongolero, ndipo akamva mabuleki akulira pamsewu amanjenjemera.

Munthu ameneyu anali ataimitsidwapo kambirimbiri chifukwa cha liwiro tsiku limenelo lisanafike. Tonse pasiteji tinkadziwa kuti phazi lake ndi lolemera. Koma tsiku la mlandu linafika iye alibe mbiri iliyonse yoipa m'mabuku a boma, chifukwa milandu yake yonse inathera pansi pa mtengo. Ikanalembedwa, bwenzi ataimitsidwa kale miyezi ingapo n'kukaphunzira, mwanayo ali moyo, iyenso akadali pantchito. Ziphuphu zomwe ankapereka ankaziona ngati zikumupulumutsa, ndipo ambiri a ife timaganizabe choncho.

Pamaliro paja ndinaonanso chinthu china. Makolo a mwanayo sankadziwa kuti galimoto iliyonse imayenera kukhala ndi inshulansi yolipira anthu ovulazidwa kapena oferedwa. Ankaganiza kuti bokosi ndi thumba la ufa ndizo zonse. Mabanja ambiri akumudzi amatero, ndipo ena amagwa m'manja mwa anthu oyendayenda m'zipatala omwe amawalonjeza kuwathandiza n'kudya gawo lalikulu la chipukuta misozi. Wapolisi amene walemba lipoti la ngozi azisiyira banja pepala la m'Chichewa, m'Chitumbuka kapena m'Chiyao, lonena dzina la kampani ya inshulansi, mapepala ofunika ndi kokadandaula ngati akuzengerezedwa. Izi sizifuna ndalama zambiri.

Dziko lathu lili m'gulu la mayiko a United Nations omwe anagwirizana zochepetsa ndi theka imfa za pamsewu pakati pa 2021 ndi 2030. Zaka zatsala zochepa. Lamulo lopereka ufulu wopeza nkhani ku boma linayamba kugwira ntchito mu 2020, choncho musadikire kuti tichite kufunsa. Tulutsani poyera chaka chilichonse kuchuluka kwa matikiti a liwiro, ndalama zomwe zatoleredwa, komwe zapita, ndi malo omwe anthu akufera kwambiri. Tikaona malo amenewo tidzafunsa ngati apolisi akuima pomwepo kapena akuima potsetsereka pabwino pogwirira anthu ambiri. Aime poonekera, pakhomo pa msika tsiku la msika, pasukulu nthawi yoweruka, ndi usiku pomwe mabasi ndi mathiraki amathamanga kwambiri. Galimoto za boma ndi za akuluakulu nazo ziziimitsidwa zikalakwa, chifukwa dalaivala wa minibasi amaona zikamudutsa ngati mphepo pa 50 popanda wokweza dzanja, ndipo amasunga zimenezo mumtima.

Lamulo la Road Traffic Act ndi la 1997, nthawi yomwe kunalibe njinga zamoto za kabaza zodzaza m'misewu, kunalibe ma Sienta onyamula anthu, kunalibe kulipira pafoni. Pamene mukuliunikanso, yesani kaye njira yatsopanoyi pamsewu wa Blantyre kupita ku Lilongwe kudzera pa Zalewa, makilomita opitirira 300 omwe ali ndi misika yambiri, muone zotsatira zake pakatha chaka. Musanalembe chilichonse, bwerani ku Wenela, kudepoti ya ku Lilongwe ndi ya ku Mzuzu m'mamawa galimoto zisananyamuke. Tidzakusonyezani pamapu makona ndi misika yomwe timaiopa, tidzakuuzaninso tageti ya njira iliyonse ndi maulendo omwe munthu amayenera kuyenda kuti aikwanitse.

Ine wanu,
Dalaivala wa pa M1